Ndowe za mbuzi m'labotale

Mbuzi zanga zinayamba kufa chaka chimene ndinakangana ndi alamu anga, achemwali a amuna anga. Mbuzizo zinawadyera mapira, ndipo pokalipa iwo anati, "Muona!" Kwathu ku Chapananga mawu amenewo satengedwa mwachibwana. Mwezi usanathe mbuzi zinayamba kutsekula m'mimba, kutupa kukhosi, kuonda mpaka nthiti kuwerengeka. Itafa yachinayi ndinasiya kupereka moni kwa alamuwo, ana anga ndinawaletsa ngakhale kukamwa madzi kwawo. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinatsimikiza kuti Lamulungu ndikawatchula mfiti pamaso pa abale onse, banja likatha lithe.

Pasekondale yoyandikana nafe panali labotale, nyumba yabwinobwino, koma yokhoma chaka ndi chaka. Ankati zipangizo zake n'zodula, ana angaswe. Mileme ndiyo inkaphunziramo. Kenako kunabwera aphunzitsi a sayansi, mayi wochepa thupi, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Anapempha makiyi, nasesamo okha, napukuta chilichonse.

Lachisanu tinakumana pamjigo ine ndikudandaula za mbuzi. Iwo anati, "Mayi, mawa mundibweretsere ndowe za mbuzi yodwalayo."

"Aa, aphunzitsi, mukundiseka? Ndowe kusukulu?"

"Bweretsani basi. Loweruka ana kulibe, ndipo nyumba ija ndi ya tonsefe."

Ndinapita nazo m'kajumbo, manyazi ali thoo. Anazisungunula m'madzi a mchere wambiri, nasefa ndi kansalu, nadikira pang'ono. Atatero anaika kadontho pakagalasi pansi pa maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Anandiuza kuti ndisuzumiremo.

Mayo ine! Timazira tambirimbiri, tangati nyemba. "Awa ndi mazira a njoka za m'mimba," anatero. "Mbuzi zimazitola kumsipu wonyowa, ndiye njokazo zimayamwa magazi. Ine si dokotala wa ziweto, koma ndikulemberani kakalata kopita kwa alangizi a ziweto, iwo akuuzani mankhwala."

Ine n'kuuma mutu kwangaku ndinafunsabe, "Nanga munthu sangazitumize njokazi?"

Sanandiseke, ndipo chimenechi ndimawalemekeza nacho mpaka lero. Anangoti, "Munthuyo ali ndi mbuzi? Katengeni ndowe zake tione."

Ndinazembera kuseri kwa khola la alamu anga masanasana, mayi wamkulu ine, kukaba ndowe! Aphunzitsi anachita monga poyamba. Nditasuzumira ndinaona timazira tomwe tija, mwinanso kuposa ta mbuzi zanga. Mfiti yanji yodzilodzera khola lake lomwe?

Lamulungu sindinaitane abale. Lolemba ndinayenda ulendo wautali kupita kwa alangizi, ndinagula mankhwala okwanira makola awiri. Pobwerera ndinalunjika kwa alamu anga. Ndinawapeza akupeta mapira, ndipo atandiona anaika lichero pansi.

"Alamu, mbuzi zanu zili ndi njoka za m'mimba ngati zanga. Ndaziona ndi maso angawa kusukulu. Mankhwala ndi awa."

Analandira botolo la mankhwalawo naliyang'anitsitsa.

"Zanga zafa zitatu," anatero chapansipansi. "Masiku onsewa ine ndimati mukundiphera ndinu."