Ampu Yofuula ndi Ampu Yoyankhula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya bambo anga. Itawonongeka ndinapita nayo kwa a Jafali, eni sitolo ya zoyimbira pa Nsaru, ndipo poyembekeza ndinawawerengera Chizungu cha pakatoni ina. Iwo anati, “Mtsikana iwe, maso anga atopa. Ubwere Lolemba.”

Anandiphunzitsa kupala waya ndi kampeni osadula tinthambo tamkati, kulumikiza wofiira pofiira, wakuda pakuda, ndi kuzimitsa ampu, bokosi lokweza mawu lija, ndisanakhudze sipika. Maampu tinali nawo amitundu iwiri. Ina inali yaikulu, ya magetsi ophethira, yotchipa, ndipo ukaikweza malata ankanjenjemera. Inayo inali kakang'ono, kakuda kopanda maonekedwe, ka masipika asanu ndi wufa wotulutsa besi, koma kodulirapo. Ine mtima wanga unali pa yaikuluyo, sindibisa. Kasitomala aliyense ndinkamuikira nyimbo ya besi, basi watenga.

Ndimo ndinawagulitsira yaikuluyo a Nangondo a ku Kabudula, amene anagulitsa fodya n'kutsegula vidiyo yoonetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa.

Lachisanu lotsatira, a Jafali ali kumzikiti, ndinaona njinga ya kabaza ikuima pakhonde, ampu ija itakulungidwa m'chitenje. A Nangondo sanapereke ndi moni womwe.

“Mwanangu, mwandigulitsa chiyani kodi? Chingoti du du du! Womasulira sakumveka. Anthu akumafunsana kuti wamenya mnzake ndani, kenako n'kupita kwa mnzanga wa patsidya. Fodya wa chaka chonse ameneyu!”

A Jafali anali atandichenjeza kuti katundu akabwerera chifukwa cha pakamwa panga, nanenso ndibwerera kwathu. Ndinayeza mawaya, ndinasintha masipika, koma ampuyo inalibe vuto. Vuto ndinali ine: ndinayesera nyimbo munthu wofuna mawu.

Ndinawapempha fulashi yawo ya mafilimu. Ndinaika maampu onse awiri patebulo, TV pakati, n'kusankha pamene womasulira akunyoza chigawenga. Pa yaikulu ija zibakera zinkamveka ngati munthu akusinja, koma mawu anali ngati a munthu woyankhulira m'chidebe. Anyamata a kabaza amene anadzaza pakhomo anayamba kufunsana kuti wati chiyani.

Ndinabweza filimu pomwe paja, ndinasamutsira waya pa yaing'ono ija, kasipika kapakati ndinakaika pansi pa TV, besi n'kuitsitsa. Womasulira atangoti, “Achimwene, mutu ngati dzungu la pachulu,” khonde lonse linafa nacho chiseko. A Nangondo anayesa kulimba nkhope, koma zinawakanika.

Pocheuka ndinaona a Jafali ataima kumbuyo, kofia ili kumutu. Iwo anafunsa modekha, “Mayi, mwamva iti?”

“Yaing'onoyi ikuyankhula. Inayi ikungokalipa.”

Anagwirizana zosinthana, mayiwo n'kuwonjezera pang'ono. Ine ndinamangirira katunduyo panjinga, ndikudziwa kuti tsopano ndi nthawi yanga. Njinga itachoka, a Jafali anatembenukira kwa ine.

“Unawafunsa kuti akamvera chiyani?”

“Ayi, bwana.”

“Mawa uyambire pamenepo.”

Mawu oti “mawa” amenewo ndinawamva bwino kuposa sipika iliyonse m'sitolomo. Lero ndili ndi benchi yangayanga yogulitsirapo zoyimbira pa Namitete, ndipo munthu akaloza ampu n'kufunsa ngati imalira kwambiri, sindithamangira kukweza voliyumu. Ndimamupatsa mpando kaye, n'kumufunsa amene akakhale pansi kumvetsera.