Msoko wa pa Mwendo wa Kachigamba

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso pokha. Mumsewu monse ankawadziwa kuti a Bweramawa, ndipo eni akewo anasiya kalekale kukwiya nalo. Anali telala wa pakhonde la golosale, pakati pa chitseko ndi mulu wa mabotolo, ndipo anakhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ukawapatsa nsalu Lolemba, ankakuyeza mwaulemu, n'kulemba manambala m'kakope kawo, n'kukuuza kuti ubwere mawa. Ukabwera mawalo unkapeza nsalu yako ili pansi pa nsalu za anzako, ndipo iwo, osadzutsa mutu n'komwe, ankati, “Kwangotsala mabatani. Bwerani mawa.”

Anthu ankawatukwanira mumtima, koma ankabwerabe, chifukwa msoko wa a Bweramawa sunkamasuka. Thalauza linkatha mpaka mawondo poyera, msoko uli nganganga. Pa chinthu chimodzi chimenechi anali onyada, ndipo tisawanamizire, kunyadako kunali ndi pogwira.

Chuma chawo chonse chinali zinthu ziwiri: makina akale opalasa ndi mapazi, ndi sizasi yaikulu, yolemera, imene anawasiyira mphunzitsi wawo. Sizasiyo sankabwereketsa munthu, ngakhale akazi awo. Akaweruka ankaikulunga m'kansalu n'kuiika m'thumba la jekete. Telala wa tsidya lina la msewu, amene anthu ankawatcha a Magetsi chifukwa cha makina awo atsopano, ankaifunsa mtengo chaka ndi chaka, ndipo yankho silinkasintha: “Iyi, achimwene, mudzaigula kwa ana anga ine nditapita.”

Kamphaka kanabwera ndi mwini golosale, kuti kazithamangitsa makoswe m'chipinda cha katundu. Koma iko za makoswe kanalibe nazo ntchito. Kanangoyang'ana matumba a shuga kamodzi, n'kutuluka, n'kukadzipinda pa mulu wa tizidutswa ta nsalu pansi pa makina a telala. Kanali koyera konse, kupatula chigamba chakuda pamsana, ndiye a Bweramawa anakatcha Kachigamba. Iwo sanali munthu wa ziweto. Akaona galimoto ikudutsa galu atasuzumira pawindo, ankaseka mpaka kutsokomola, amvekere ena ndalama zinawasokoneza mutu. Koma ana awo anali atakula n'kubalalika, ndipo pakhondepo masana ankatalika. Pasanathe mwezi, mkaka wa tiyi wawo unayamba kuthera m'chivundikiro cha botolo.

Anapangana pangano, iwo ndi kamphakako. Asanayambe kupalasa, ankagogoda mwendo wachitsulo wa makina kawiri ndi chidendene, go, go, ndipo Kachigamba kankatuluka, kudziwongola, n'kukagona padzuwa. Sanaiwalepo ngakhale kamodzi, mpaka m'mawa wa Lachiwiri lina.

Tsikulo kunabwera mayi wa diresi lobiriwira. Anali atauzidwa “mawa” kasanu, ndipo ulendo uno anabwera ndi kampando kake. “Lero sindichoka, abambo. Musoke ndikuona.” Anthu ogula m'golosale anayamba kuima n'kumamvetsera. A Bweramawa thukuta lili kamukamu, anavundukula mulu wa nsalu, n'kupeza diresilo, n'kuliika pansi pa singano, n'kuponda ndi mphamvu zonse za munthu wopsa mtima. Sanagogode.

Kulira kumene kunamveka pansi pa makina sikunali ngati kwa mphaka. Gudumu la pansi linaima lokha. Atawerama anapeza mwendo wakumbuyo wa Kachigamba utapanikizika pakati pa gudumu ndi chitsulo chake, khungu la pantchafu litang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pabondo. Mayi uja anatola kampando kake n'kuchoka osatsanzika.

A Bweramawa ananyamula kamphakako m'katoni ya sopo mpaka kuchipatala cha ziweto, kuseri kwa siteji ya mabasi. Anali asanalowemo chibadwire. Munali matailosi oyera, fungo la mankhwala, ndi anthu ovala bwino atafungatira agalu aubweya wopesa. Iwo anakhala kumapeto kwa benchi, katoni pamiyendo, akubisa nsapato zawo zothetheka pansi pa benchiyo. Kalaliki wa pawindo anasuzumira m'katonimo, n'kutchula mtengo: wa kuonana ndi dokotala, wa mankhwala ogonetsa, wa kusoka. A Bweramawa anawerengera m'njira yokhayo imene ankaidziwa, n'kupeza kuti anali malipiro osokera mathalauza khumi. M'thumba munali ndalama ya zipi imodzi.

“Mwati kusoka?” anafunsa.

“Eya, bambo, balali n'lofunika kusoka.”

Anathokoza, n'kunyamula katoni yawo. Panjira mtima unayamba kuwanong'oneza. Mathalauza khumi chifukwa cha msoko wosakwana chikhatho? Kodi m'tauni monsemo analipo wosoka kuwaposa iwo?

Masana omwewo, m'chipinda cha katundu kuseri kwa golosale, anakulunga Kachigamba m'thaulo, mwendo wokha panja. Anapukuta bala ndi madzi amchere, n'kuwotcha singano pa machesi, n'kulowetsamo ulusi umene unali pafupi, wobiriwira uja wa diresi. Kamphaka kanawaluma chala kupyola thaulo, kenako kanatopa, n'kumangonjenjemera. Iwo anasoka monga ankasokera nthawi zonse, pafupipafupi, mowongoka, osasiya mpata ngakhale wolowa mphepo. Atamaliza anauyang'ana msokowo, ndipo, Mulungu awakhululukire, anaukonda. Singano anaibaya pakolala ya malaya, pomwe ankaisunga masiku onse.

Kunyumba anauza akazi awo kuti kamphaka akathandiza kuchipatala. Akazi awowo, amene anali atakhala nawo zaka zokwanira kudziwa ulusi uliwonse wa m'bokosi mwawo, anayang'ana mwendowo nthawi yaitali.

“Madokotala a masiku ano akugula ulusi komwe mumagula inu, eti bambo?”

A Bweramawa anati akukaona ngati madzi osamba atentha.

Lachitatu Kachigamba kananyambita mkaka pang'ono. Lachinayi kanakana. Lachisanu m'mawa mwendo unali utatupa, wotentha ngati mphuno ya ketulo, ndipo fungo lake linawafika asanatsegule katoni. Msoko wokha ndiwo unali bwinobwino, osamasuka ngakhale pamodzi.

“Nyamulani mwana wa eniyu mubwerere naye,” anatero akazi awo. “Manyazi mukachitire komweko.”

Dokotala wa ziweto anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo wachiwiri, wolankhula motsitsa mawu. Anagoneka kamphaka patebulo lachitsulo, n'kuyatsa nyali, n'kuwerama.

“Anasoka apa ndani?”

“Ndinakapeza kali choncho, adokotala. Pamsewu. Mwina ana.”

Bodzalo linatuluka lokha, losalala, ngati “kwangotsala mabatani.” Dokotala anatenga kasizasi kake. Anadula ulusi kamodzi, ndipo zimene zinatuluka m'balamo a Bweramawa sanathe kuziyang'ana. Dokotalayo anawafotokozera pang'onopang'ono kuti m'katimo munatsekeredwa mafuta a makina ndi tiulusi ta nsalu, kuti fupa linali lothyoka kuyambira tsiku loyamba, ndipo wosokayo anatseka zolimba kwambiri moti mafinya anasowa potulukira. Mwendo unali utafa kale. Kuti kamphaka kapulumuke, unayenera kudulidwa tsiku lomwelo. Mtengo wake tsopano unali mathalauza makumi awiri ndi asanu.

“Ndiye ndikakonzeke,” anatero a Bweramawa. “Ndibwera mawa.”

“Mawa kadzakhala katafa, bambo. Ndikasunga kuno, ndikabaya jakisoni woletsa ululu. Mukapeza theka la ndalamazo isanakwane folo koloko, ndiyamba.”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Bweramawa, amene moyo wawo wonse anthu ndiwo ankawalondola, anayamba kulondola anthu. Anatenga kakope kawo n'kuyendera onse amene nsalu zawo zinali pamulu, kupempha kuti alipiriretu. Mphunzitsi wa sukulu amene anasiya yunifolomu zitatu anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, “Mwati mphaka?” Wometa tsitsi anaitana anzake kuti adzamve okha. Wogulitsa nyama, amene suti yake inagona pamulu miyezi iwiri, anapukuta manja pa epuloni, nkhope ili gwa, n'kunena mwaulemu wonse kuti, “Palibe vuto, atelala. Bwerani mawa.” Msika wonse unafa nazo kuseka. Iwo anasekako pang'ono, poti akanatani, koma makutu ankawatentha. Mwini golosale yekha ndiye anawapatsa kangachepe, n'kuwakumbutsa kuti amphaka ali mbwee, akhoza kubweretsa kena Loweruka.

Dzuwa litapendeka anaima m'mphepete mwa msewu, moyang'anana ndi shopu ya a Magetsi. Magalimoto anadutsa, mpata unapezeka katatu, iwo ali chiimire. Kachinayi anawoloka.

A Magetsi anazimitsa makina atawaona. A Bweramawa sanapereke moni wautali. Anatulutsa kansalu m'thumba la jekete, n'kukafunyulula patebulo.

“Mwadwala, achimwene?” anafunsa a Magetsi.

“Ayi.”

“Alamu?”

“Ali bwino. Ndi kamphaka kaja.”

Anadikira kuseka, ndipo akanakonda kuti kubwere, chifukwa kusekedwa anali atakuzolowera tsikulo. Koma a Magetsi sanaseke. Anatsekula kabati, n'kuwerenga ndalama osanenerera, n'kuwonjezerapo pang'ono pamwamba. Kenako anakulunga sizasiyo m'kansalu kake komweko mosamala, ngati akudziwa kale makulungidwe ake. Chifundo chimenechi ndicho chinawalasa a Bweramawa kuposa mawu a wogulitsa nyama. Anatuluka ali zyoli, thumba la jekete likupepuka mbali imodzi.

Anafika kuchipatala nthawi itatsala pang'ono. Anakhalanso kumapeto kwa benchi ija, maola awiri, manja ali pakati pa mawondo. Dokotala atatuluka anali ndi kambale kachitsulo m'manja.

“Kadzuka. Kakhala ndi moyo, koma ka miyendo itatu.” Anakhala pabenchi pambali pawo, n'kuwaonetsa kambaleko. Munali tizidutswa ta ulusi wobiriwira, makumi awiri ndi kanayi, tofanana kutalika. “Ine kusukulu sanandiphunzitse kusoka mowongoka chonchi.”

Sankayang'ana nkhope yawo. Ankayang'ana pakolala ya malaya. A Bweramawa anakweza dzanja n'kukhudza singano ija, ulusi wobiriwira ukulendewerabe kumapeto kwake. Masiku atatu anayenda nayo tauni yonse.

“Ndine, adokotala,” anatero. “Ndinakaponda ndine, ndinasokanso ndine. Ndinaona ngati kusoka n'kumodzi.”

“Mukanabwera nako kotseguka, mwina mwendo tikanaupulumutsa.” Sanakalipe, anangonena monga zinalili. “Ndalama zotsalazo muzibweretsa pang'onopang'ono. Koma kamphakaka mubwere nako Lolemba, ndipo Lolemba lake ndi lomweli likubwerali.”

Anabwera nako Lolemba, asanatsekule n'komwe.

Patatha sabata ndi theka Kachigamba kanabwerera pakhonde. Kankayenda modumphadumpha, kugwa, kudzuka, ndipo kanalunjika pa mulu wake wa tizidutswa pansi pa makina omwewo, n'kudzipinda pafupi ndi phazi lomwe lija. A Bweramawa akanakonda kakanawaopa, kapena kuwakwiyira, kuti mlandu uoneke kuti ulipo. Koma iko kankangowakhuza mutu pachidendene. Iwo anakhoma kasefa ka waya kuzungulira gudumu, ndipo ngakhale kasefako kanalipo, ankagogodabe kawiri. Nsalu tsopano ankadula ndi kasizasi ka akazi awo kakukhitchini, kamene kankatafuna nsalu m'malo modula, ndipo tsidya lina la msewu ankamva kulira kwa sizasi yawo, khwe, khwe, pa tebulo la eni.

Mayi wa diresi lobiriwira anabweranso, ulendo uno wopanda kampando. Diresi analipeza lopachikidwa, lositidwa, mabatani onse ali m'malo. Analitembenuza, n'kukoka msoko uku ndi uku monga amachitira anthu, n'kugwedeza mutu mokhutira. Polipira anaona kamphaka katagona chammbali padzuwa, pamene panali mwendo pali pometedwa, ndi msoko wa dokotala uli poyera: wakuda, wotalikirana, wokhotakhota, mfundo zake zili panja ngati za thumba la makala.

“Kalanga ine, kachilombo ka Mulungu,” anatero mayiyo. “Koma anasoka moipa chonchi ndani? Bwenzi mutangosoka nokha, abambo.”

A Bweramawa anayang'ana msokowo. Khungu linali litagwirana, louma, lopanda chotupa.

“Ameneyo, mayi, ndiye amadziwa kusoka,” anatero.

Anagogoda kawiri, n'kudikira mpaka ataona ndi maso kuti pansi palibe kanthu, kenako anayamba kupalasa.