Mita ya m'nyumba ya eda

Masiku ano mayunitsi a magetsi timangogula pafoni, palibe amene amagogoda pakhomo. Kale sizinali choncho. Malemu amuna anga anali owerenga mamita, ndipo atawasamutsira ku Mangochi kuchokera kwathu ku Ntcheu, ankayenda panjinga khomo ndi khomo, khadi la chipani m'thumba la malaya, bolopeni kukhutu. Anali munthu wofatsa mopitirira, moti kukalipa konse kwa pabanja pathu ndinkakalipa ndine.

Tsiku lina anabwera masana nkhope itagwa, ati awabweza pa nyumba ina kufupi ndi msika. Mwini nyumbayo, Msilamu wogulitsa nsomba, anali atamwalira, ndipo akazi ake anali pa eda, mwambo woti wamasiye akhale m'nyumba miyezi ingapo osaonana ndi mwamuna wachilendo. Ife Angoni tikanazidziwira kuti? Amuna angawo anangoti odi n'kuponda pakhomo monga mwa nthawi zonse, poti mita ya nyumbayo inali m'kati, pabalaza. Alamu awo a mayiwo anawakusa ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Tsono ku ofesi kunali lamulo lakuti mita ikapanda kuwerengedwa kawiri motsatizana, amabwera ndi makwerero kudzadula magetsi papolo. Nthawi imeneyo lamulo sunkalifunsa chifukwa chake. Mayiwo ankadalira filiji. Ankaumitsa madzi ogulitsa kwa anthu a chambo, ndi mafirizi a ana asukulu. Filijiyo ikazima, ana awo adya chiyani?

Mwezi wotsatira utayandikira, amuna anga anayamba kusiya chakudya m'mbale. Ndinawauza kuti angolemba manambala a m'mutu, ndani akaone? Anakana, ati manambala abodza amadzaluma mwini nyumba kutsogolo. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati manambalawo amaoneka ndi maso a amuna okha. Anandiyang'ana n'kuyamba kuseka.

Anakandiphunzitsa pa mita ya aneba, poti ife eni ake tinkayatsa koloboyi. Anati ndilembe manambala akuda okha, kofiira ka kumapeto ndikasiye, ndipo kawaya komata ndi mtovu ndisakakhudze ngakhale ndi chikhadabo. Anabwereza zimenezi mpaka ndinawafunsa ngati anakwatira chitsiru.

Ndinapita nditafunda mpango kumutu. Ndinawagwadira alamu aja n'kufotokoza chimene ndabwerera. Anakambirana m'Chiyao ndi azimayi a pakhonde, kenako anandilozera khomo. Amuna anga anatsala kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, atagwira njinga yawo.

Mayiwo ndinawapeza pamkeka, aang'ono kwa ine, maso otupa. Mita inali pamwamba zedi, ine wamfupi chonchi. Tinavundikira mtondo, ndinakwerapo iwo atandigwira miyendo. Kachimbale ka m'kati mwa galasi kankazungulira pang'onopang'ono, filiji ikulira pakona. Pepala ndinali nditaliiwala, ndiye ndinalemba padzanja. Potsika, mtondo unapendekeka, tonse awiri khu! pamkeka. Mayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako kusekako kunasanduka kulira. Anati chimwalirire amuna awo, aliyense wolowa muno amabwera kudzawalangiza za kupirira, palibe amene anabwerapo ndi nkhani ina. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinakhala nawo tikucheza za mitengo ya usipa ndi kusamva kwa ana, mpaka thukuta linatsala pang'ono kufufuta manambala aja. Ndinatuluka dzanja lili m'mwamba ngati mwana wasukulu.

Magetsi sanadulidwe. Ndinapitabe mwezi ndi mwezi mpaka eda inatha, ndipo itatha mayiwo ankawauza amuna anga kuti mita yawo siwerengeka bwino popanda ine.

Patapita zaka, amuna anga anadwala n'kumwalira tikadali ku Mangochi komweko. Titakawaika ku Ntcheu, ndinabwerera kudzalongedza katundu. Sindinkafuna kuona munthu, malangizo anali atandikwana. Njinga yawo inali itatsamira khoma, ine nditakhala pansi osalongedza kalikonse, pamene ndinamva odi. Anali mayi aja, atanyamula mafirizi a ana anga m'kambale.

"Ndabwera kudzawerenga mita," anatero.

"Mayi, nyumba ino ilibe magetsi."

"Ndikudziwa, achemwali. Sendererani uko ndikhale."