Matumba a Feteleza Anatitsekera Khomo la Asilikali

Inu owerenga, ndine amene ndinatayitsa amayi anzanga mwayi waukulu, ndipo ndinawatayitsa chifukwa cha thumba. Thumba lenilenili.

Zinali zaka zija za makuponi, pamene nyumba iliyonse kwathu ku Njombwa inali ndi matumba otha feteleza. Ine ndinali wapampando wa kalabu ya amayi olima nyemba. Titamva kuti boma likufuna magulu ang'onoang'ono nawonso azigulitsa chakudya ku kampu ya asilikali, tinalembetsa uku tikudziseka tokha, poti ntchito zoterezi tinkadziwa kuti n'za mabwana a malole. Koma abale, anatisankha! Anati tiyambe ndi ulendo umodzi woyesera, zikakoma tizipereka chaka chonse.

Tinapeta, tinasankha nyembazo imodziimodzi mpaka misana kuwawa. Alamu anga, amene anaphikako ku sukulu yogonera, anandichenjeza kuti tigule matumba atsopano. Ine ndi pakamwa pangapa ndinangoti, "Alamu, asilikaliwo akadya nyemba kapena thumba?" Tinangokutumula matumba a feteleza aja n'kuthiramo. Podikira galimoto ndinawasunga m'chigafa, pambali pa fodya wa amuna anga, poti kwathu ndimo timasungamo chilichonse choopa kunyowa.

Ku kampuko msilikali woyang'anira chakudya sanakalipe ayi. Anamasula thumba limodzi, anatapa, ananunkhiza, n'kundipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Mayo ine! Fodya yekhayekha, komanso timibulu toyera ta feteleza m'dzanjamo. Ife fungolo tinalizolowera moti sitilimvanso. Iye anati, "Mayi, nyemba n'zabwino, koma sindingadyetse anthu zimenezi."

Tinabwerera nazo. M'galimoto muja amayi anzanga sanandinyoze, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka koposa. Mwayi uja unapita kwa wamalonda wina wa pa Boma. Iyeyo anabwera kumudzi, anagula nyemba zathu zomwezo motchipa, anaziyanika padzuwa, anazipetanso n'kuzithira m'matumba atsopano.

Inu a mabizinesi ang'onoang'ono, khomo la boma likakutsegukirani, funsani zonse, ngakhale zooneka zopusa: katundu muika m'chiyani, musunga pati. Zimene tinazolowera kumudzi si zimene amalandira kumeneko. Ndipo wina akakuchenjezani, musathamangire kumuseka ngati ine.

Mpaka lero asilikali aja amadya nyemba za m'minda mwathu, koma dzina lolembedwa pathumba si lathu.