Kawailesi ka Dzanja Limodzi

Chaka chimene anatichotsa m'nyumba ku Luwinga ndinali ndi makatoni asanu a makaseti. Osati timakatoni ta sopo, aakulu aja obwera ndi mafuta ophikira. Ndinayamba kutolera ndisanakwatire. Ena amamwa, ena amathera ku mpira, ine ndinkagula makaseti. Rumba, rege, za ku Zambia, za ku Zimbabwe, za azungu a magitala, za kutchalitchi. Sukulu ndinalekera sitandade folo, ntchito yanga ndi yomanga nyumba, sindikunamizani kuti ndimadziwa za nyimbo. Ndinkangozikonda basi.

Koma nkhani si rumba, nkhani ndi akazi anga. Kwawo ndi ku Nkhata Bay, ndipo ndi iwo ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, iwo kuyambitsa, ena n'kumavomera. Kenako kunabwera sitiroko. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panakhota, mawu anapita. Chinatsala n'kubuula kumodzi komweko, kaya akufuna madzi, kaya akukana. Ndiye mawu awo enieni, aja oimba, anatsala malo amodzi okha, m'makatoni anga aja.

Mmene analoweramo ndi umu. Ndinali ndi chiwailesi cha kaseti chojambula, ndinkachinyamula paphewa kutchalitchi, kumaukwati, kumipikisano ya makwaya. Kaseti yopanda kanthu nthawi zambiri sindinkakhala nayo. Ndinkangotola iliyonse imene yanditopetsa, kutafuna kapepala, kutseka timabowo tiwiri ta pamwamba tija, basi yalola kujambula. Ndiye chikuto chikunena za gulu la ku Zaire, mkati muli akazi anga. Ina mbali yonse, ina pakati pokha: rumba ikulira, yaduka, amayi ayamba kuimba, atha, rumba yabwerera. Sindinkalemba. Ndilemberenji, ndinkazidziwa ndi maso. Yosweka pakona, yodonthera penti, ya chikuto chong'ambika.

Atadwala, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkawaikira imodzi. Mbali ikatha yatha. Dzanja lamanzere silinkatha kutembenuza kaseti, ankadikira mpaka mayi woyandikana nafe atasuzumira. Wailesiyo nayo inakalamba, inayamba kutafuna matepi. Ndi chinyontho cha kuno ku Mzuzu, ena anayamba chuku.

Mwini nyumba anabwera Loweruka masana, ulemu wonse, monile monile, kufunsa za odwala. Kenako anati ana a ku yunivesite achuluka chomene, akusowa pogona, iye akufuna kuika mabedi anayi m'chipinda chilichonse. Anatipatsa mwezi umodzi. Ali pakhomo anatembenuka n'kufunsa ngati ndingamumangire khoma logawa pabalaza, poti ndine mmisiri. Ndinamumangira. Ndinkagogoda njerwa akazi anga ali chigonere kuchipinda akumva. Mumtima mwanga munalibe kanthu. Khoma lake linawongoka bwino.

Ndinapeza chipinda chimodzi ku Mchengautuwa, chopanda magetsi. Kuika bedi, mbaula, ndowa ndi mpando wa odwala, chadzaza. Pansi pa bedi simenti yake inali yonyowa. Makatoni asanu analibe malo. Mnzanga wina wa kuntchito ndiye anandiuza kuti zinthu zinasintha, nyimbo zikulowa m'kakhadi kakang'ono kotchedwa memore, n'kumakaika m'foni kapena m'tiwailesi tonyamula m'manja. Anati ndipite mumsika kwa anthu obena nyimbo, aja okhala m'timaokala n'kumakopera anthu nyimbo pa kompyuta.

Masiku atatu ndinazungulira mumsika ndikaweruka. Funso langa linali limodzi: chimene munthu wa dzanja limodzi, lamanzere, lofooka, angaseweretse yekha atagona. Ogulitsa samva. Ukawauza zimenezo iwo akukuuza za mtundu wake, kuti chofiira chilipo, chakuda chilipo. Wina anandionetsa foni. Timabatani ngati timbewu ta mpunga, ndipo kuti ufike pa nyimbo uyenera kuwerenga Chingerezi kanayi. Ndinamufunsa ngati wandimva. Anati aliyense akugula imeneyi. Ndinati ndiye agulitse kwa aliyenseyo. Wina anatulutsa kanthu konga bokosi la machesi, kopanda sipika, ka zingwe zoika m'makutu. Anati n'kamene ana a ku yunivesite akuyenda nako. Kankamveka bwino, sindikana. Koma kachingwe kakagwa m'khutu wobwezera ndani? Nanga munthu akagogoda, kapena mbaula ikayatsa nsalu, wotseka makutu amva bwanji?

Tsiku lachitatu ndinafika pa okala ya bambo wina wamsinkhu wanga, wa imvi m'ndevu, kompyuta yake atafunditsa nsalu kuopa fumbi. Iyeyu anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatulutsa kawailesi ngati theka la njerwa koma kopepuka, sipika yake momwemo, kabowo ka memore pambali, mabatani atatu aakulu pamwamba. Lapakati kuyatsa ndi kuzimitsa, lakumanja kupita patsogolo, lakumanzere kubwerera. Batire yake yonga ya foni, yochotsa, ukhala ndi awiri, ina ikulira ina ili kotchaja.

Ndinapisa dzanja lamanja m'thumba. Ndinakaika pantchafu n'kudina ndi kachala kakang'ono ka kumanzere, poti chala chachikulu cha akazi anga mphamvu zake ndi zimenezo. Kanalola. Ndinakagoneka chammbali, kanalola. Ndinakagwetsa dala pa benchi. Anthu anayamba kundiyang'ana. Bamboyo sanaseke, anangoti ndikagwetsenso ngati ndikufuna.

Pa kusankha sindinalakwe. Mpaka lero ndimanena, pa zonse zinali mumsika muja choyenera chinali chimenechi.

Ndinamufunsa ngati makatoni asanu angalowedi m'kakhadi konga chikhadabo. Anati ngakhale khumi. M'mawa mwake ndinabwereka wilibala kuntchito, maulendo awiri, n'kumutulira. Ndinamenya katoni ya pamwamba ndi dzanja.

"Zonse zili umu, zilowe umo."

"Yewo, adada. Mubwere sabata ya mawa."

Mawu anali amenewo basi. Sindinawonjezere, iye sanafunse.

Sabata imeneyo ndiyo tinasamuka. Akazi anga tinawanyamula pa matiresi kumbuyo kwa galimoto ya mchenga. Chiwailesi chakale ndinapatsa mayi woyandikana nafe uja, anatithandiza kwambiri. Tikutuluka tinakumana ndi mabedi achitsulo akulowa.

Nditabwerera mumsika bamboyo analowetsa khadi n'kuyatsa. Rumba inatuluka yoyera, yopanda kuwayula kuja kwa tepi, yosakoka. Anadina, ina. Anadina, rege. Ndinamvera zinayi kapena zisanu. Kunja kunayamba kuwaza, odwala ndinawasiya okha m'nyumba yachilendo, ndinati zakwana. Anandifunsa za makatoni, akuti akumutsekera malo. Ndinati ndilibe powaika. Anati kuli mayi wina wa dimba ku Mzilawaingwe amatenga makaseti akale, amasolola tepi n'kumanga pa timitengo kuopsezera mbalame. Ndinati atenge. Pakamwa panga pomwepa, palibe anandikakamiza.

Kunyumba kawailesi kaja ndinakaika m'dzanja lamanzere la akazi anga n'kuwaonetsa kamodzi. Anagwira msanga, mutu wawo sunafe. Nyimbo ikayamba ankamvera pang'ono, n'kudina lakumanja. Ina yayamba, adina. Ndinkaganiza kuti akusangalala ndi batani, munthu amene kwa zaka ziwiri sanasankhe kalikonse yekha. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Batire inatha, ndinasintha. Tsiku lachitatu ndinaweruka msanga chifukwa simenti inatha, ndinawapeza akudinabe. Phala la m'mawa lili pomwepo. Anandiyang'ana n'kubuula kuja, n'kukankhira kawailesi kwa ine.

Ndinakhala pa ndowa n'kuyamba kudina ndekha. Ndinafika pa gulu lija la kaseti yosweka pakona. Nyimbo yoyamba, yachiwiri. Yachitatu ndinaifufuta ndekha kalekale, pamenepo m'pamene panali amayi pa ukwati wa mlamu wanga. Inalira yonse, rumba yokhayokha, mpaka kumapeto. Nyimbo imene ndinali ndisanaimve zaka khumi. Ndinayang'ana ya penti, chimodzimodzi. M'khadi monse munalibe kwaya ya akazi anga ngakhale mzere umodzi.

M'mawa sindinapite kuntchito. Bamboyo ndinamupeza akumwa tiyi. Anafotokoza modekha, ngati akuuza mwana. Akuti palibe wobena amene amachita kuliza kaseti imodziimodzi, makatoni asanu angamalize chaka chamawa, ndipo iye wailesi ya kaseti alibe n'komwe. Amawerenga chikuto, n'kupeza nyimbo zomwezo m'kompyuta, n'kukopera. Zimene alibe amafunsa anzake, zikasowa amaikapo zofanana nazo. Msika wonse umagwira choncho, ndipo anthu amathokoza chifukwa zimatuluka zoyera. Ndinamuuza chimene chinali mkati. Anaika kapu pansi.

"Adada, mukanandiuza."

Ndinamugwira malaya pakhosi. Ndinamutchula mawu amene sindingalembe pano. Tiyi anatayika, anthu anaima. Iye sanalimbane nane, manja anangowasiya pansi. Ndinayang'ana dzanja langa lili pa kolala yake, ndinaona ngati ndi la munthu wina. Ndinamusiya. Anakonza malaya n'kundilongosolera njira ya kudimba, kawiri, kuti ndisasochere.

Ku Mzilawaingwe ndinapita wapansi. Dimba lake sindinafunse, linkaoneka patali. Timitengo mizeremizere, pakati pake tepi yabulauni itamangidwa uku ndi uku, pamwamba pa mpiru, pamwamba pa chimanga chanthete, ikunyezimira, mphepo ikaomba ikulira pang'onopang'ono. Mvula inali itagwa kawiri chitengereni. Mayi wa dimba anali wachikulire, anandilonjera m'Chitumbuka, ndinayankha. Nditanena chimene ndadzera anagwira pakamwa. Ananditengera kuseri kwa khumbi lake. Zikhokhombe za makaseti zinali mulu, zopanda kanthu mkati. M'beseni munatsala ochepa amene anali asanasolole. Ndinagwada n'kuyang'ana imodziimodzi. Rege, rege, za azungu. Pa mulu paja ndinaipeza yosweka pakona, yopepuka.

Ndinalowa m'dimba n'kugwira tepi ina. Utoto wake unatsala m'zala. Ndinayamba kuikulunga kudzanja, kenako ndinadzifunsa kuti iyi ndi iti, ndipo ndikailiza pa chiyani. Ndinaimanganso pa kamtengo pomwe ndinaimasula. Mayiyo anati pepani chomene, n'kundithyolera mpiru. Ndinalandira. Ndinayenda nawo m'manja mpaka ku Mchengautuwa.

Sindine munthu wozungulira. Ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwauza zonse, za chikuto, za kompyuta, za mbalame, ndi kuti amene ananena kuti atenge ndine. Anamvetsera akuyang'ana kudenga. Nditamaliza anatembenuzira nkhope kukhoma, ine ndinakasadzula mpiru uja.

Lachinayi amayi a kwaya anabwera kudzaona kumene tasamukira. M'chipinda munangokwana atatu, ena anaima panja. Asanayambe kuimba ndinakokera pambali amene akutsogolera tsopano, n'kuwafunsa ngati pali wina aliyense, kutchalitchi kapena kwa abale, amene anasungako kaseti ya nthawi imene ija. Anaganiza, anafunsa anzawo, mmodzi anatchula munthu amene anamwalira kale. Kenako anati, "Wojambula munali inu, bambo. Tonse tinkadalira inu."

Anaimba nyimbo zitatu. Ndinaima panja pafupi ndi mulu wa njerwa za eni nyumba. Ndinayesa kuika mawu a akazi anga pamwamba pa nyimboyo, pamene ankalowera. Nyimbo ndikuidziwa, pamene ankakwezera ndikupadziwa, koma mawu amene ankabwera m'mutu anali a mayi aliyense. Ndinayesanso masiku ena ndili pakhoma kuntchito. Sabwera.

Bambo wa mumsika uja anatumiza khadi ina kudzera kwa mnzanga, yodzaza makwaya a amayi a m'matchalitchi ena. Ndinaiika, poti inalipo. Akazi anga anamvera yoyamba mpaka kutha, yachiwiri mpaka kutha. Kuyambira pamenepo sadinanso lakumanja. Ndikayatsa m'mawa, chimene chabwera chimalira, kaya kwaya kaya rumba, dzanja lili pamwamba pake osasuntha. Ndikaweruka ndimapeza batire yatha, iwo ali maso. Ndimachotsa, ndimaika inayo, yakuthayo ndimapita nayo kotchaja.