Mitengo ya Maina ku Gadeni ya Bwana

Ndikukumbukira Loweruka lina la m'dzinja, ndili ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Ndikuti "ngati" chifukwa amayi sankawerenga zaka, ankangoti ndinabadwa tiyi wa kuseri kwa fakitale asanayambe kuthyoledwa. Tinkakhala pa esiteti ina ku Thyolo, pamodzi ndi Alomwe anzathu amene anathawa nkhanza kwa Apwitikizi n'kudzapatsidwa malo posinthana ndi thangata. Abambo ankapalira m'mizere ya tiyi, amayi ankathyola masamba dengu lili kumsana, ndipo ine ntchito yanga inali imodzi yokha: kulera mlongo wanga Yohane.

Yohane ankasungidwa ngati dzira. Pakati pa ine ndi iye panabadwa ana awiri, ndipo onsewo anapita asanamere mano. Choncho m'mawa uliwonse amayi akamandibereketsa mwanayo, ankabwereza malamulo awo: ndisamukhazike pamphambano, ndisatsike naye kumtsinje, ndipo koposa zonse ndisayandikire naye kumanda. Ankati mwana amene liwombo lake likugundabe, akufa amamuitana ndipo iye amavomera.

Mnzanga wapamtima anali Rute, mwana wa aphunzitsi a pa sukulu ya mpingo wa Sabata kutsidya kwa dambo. Rute ankavala diresi pamene ife tinkamanga nsalu ya biriwita, ankadziwa kuwerenga, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Loweruka kwawo sankasinja, sankachapa, koma akaweruka kutchalitchi ankaloledwa kuyenda n'kumaona zimene Mulungu analenga. Tsiku limenelo anandipeza m'mphepete mwa munda, amayi atangomaliza kuyamwitsa Yohane n'kubwerera m'mizere.

"Elube, tiye ku gadeni ya Bwana," anatero. "Bwana ndi Dona apita ku Limbe. Amalume akuti tibwere tidzaone mitengo ya kutsidya kwa nyanja."

Amalume akewo, a Makwinja, ankagwira ntchito m'gadenimo, ndipo za Sabata analibe nazo ntchito. Ine ndinayeza malamulo a amayi limodzi ndi limodzi, ndipo gadeni sinali m'gulumo. Chibadwire ndine munthu wachidwi. Amayi ankati mphuno yanga idzatsala m'mphika wa eni ake. Ndinamangitsa nsalu pachifuwa, ulendo unayambika.

Tinakwera chitunda, matope ofiira akukakamira kumapazi, mpaka tinafika pa mpanda wa maluwa wometedwa bwino kuposa mutu wa kapitawo. Chitseko chinali chongotsekera. Tinaodira, koma kunali zii. Rute anakankha, tinalowa.

Ha, zimene ndinaona! Panali nsungwi zonenepa kuposa ntchafu ya abambo, zachikasu, zikulira zokha mphepo ikawomba. Panali mtengo wina wa khungwa lofundukuka ngati pepala, ndi wina umene tsamba lake ukalifikisa linkanunkha ngati bokosi la zovala la amayi ake a Rute. Kachitsamba kena ndinangokakhudza ndi chala, masamba onse n'kudzipinda ngati mtsikana wamanyazi. Ndinakakhudza ndi chala cha kuphazi, ndi kaudzu, ndi mpweya wa m'kamwa, pofuna kudziwa ngati kamazindikira munthu. Pakati panali thamanda lomangidwa ndi njerwa, nsomba zofiira zikuyenda mopanda mantha, ndipo ndinadabwa kuti anthu a kuno ndi aulesi bwanji kusiya ndiwo zikukalamba m'madzi. Yohane ankangoseka kumsanaku, akundimenya khosi ndi timanja take.

Tinalowera mkati, kumene mitengo inali italiitali, yotseka dzuwa. Kunkazizira, ndipo mapazi athu sankamveka. Apa m'pamene mutu wanga unayamba kufunsa mafunso. Munda wanji wopanda chimanga, wopanda chinangwa, wopanda ngakhale phando la nandolo? Nthambi youma ili lende pamwamba, nkhuni zabwinobwino, koma palibe woithyola. Kwathu kuja nkhalango yonse inagwetsedwa kuti tiyi apeze malo, ndipo malo okhawo amene mitengo ikuluikulu inkasiyidwa, osathyolako ngakhale katsotso, aliyense ankawadziwa. Kenaka ndinayang'ana pansi. Patsinde pa mtengo uliwonse panali dothi lounjika, lozunguliridwa ndi miyala yopaka laimu, ndipo pamutu pake panazikidwa kachitsulo kolembedwa.

"Rute, tawerenga apa."

Rute anagwada mokondwa, poti mwayi woonetsa sukulu unali utapezeka. Anayamba, anakakamira, anayambanso. Dzina lake linali lalitali ngati njira ya kwa Changata.

"Ndi dzina lachizungu," anatero pomaliza. "Koma m'munsimu ndawerenga. Alemba kuti India."

Pa mtengo wotsatira anawerenga Japani. Kenaka mawu ake anayamba kuchepa.

"Elube, kumishoni kuli manda a mzungu. Analemba chomwechi: dzina pamwamba, kwawo pansi."

Ndinatembenuka uku ndi uku: mitumbira, mitumbira, mitumbira, ina ikuluikulu, ina ing'onoing'ono ya timitengo tofika m'chiuno. Ndinali nditaima pakati pa manda a azungu, mwana wa amayi ali kumsana, ndipo mwanayo anali akuseka ngati wina akumusewera naye.

"Usaope," anatero Rute. "Abambo amati akufa ali m'tulo, sangamuchite munthu kanthu."

Mawuwo anawalankhula ali kale kutsogolo, diresi atalikwinyira m'manja. Mpaka pamene tinali agogo tonse awiri ndinkamusekabe kuti chiphunzitso chinali pakamwa, miyendo inali isanabatizidwe.

Ine ndinaima pomwepo, ndipo Rute ataona kuti sindikumutsatira anabwerera. Ndinkalingalira kuti ndikakawauza amayi, mtima wawo usweka ndisanamalize kulankhula. Ndikabisa, Yohane sasambitsidwa mankhwala ochotsa za kumanda, ndipo adzatsata anzake awiri aja chifukwa cha ine. Ndinagwira kaphazi kake kuti ndimve ngati kayamba kuzizira. Ndinkachita mantha kwambiri, ndipo ndinkamukonda mwana ameneyo kuposa mmene ndinkadziwira m'mawa wa tsikulo.

Tili chomwecho tinamva khasu: khu, khu, khu, kuseri kwa mitengo. Ndinaganiza kuti ndi adzukulu akukumba. Ndinati ngati pali munthu wamkulu wodziwa za kumanda, ameneyo ndiye angandiuze chochita mwanayu asanadwale. Ndinamukoka Rute pamkono, tinalondola kulira kwa khasulo.

Tinapeza bambo wamfupi, wa chipewa chobooka, akugumula kamtumbira kamodzi. Anali a Makwinja. Ndinagwada patali monga ndinkaonera akuluakulu pamaliro.

"Pepani ndi zovutazi," ndinatero. "Atisiya ndani?"

A Makwinja anandiyang'ana, anayang'ana Rute, anayang'ana dzenje lawo. Atamvetsa, anaseka mpaka khasu linagwa, iwo n'kukhala pansi pa dothi lomwelo, misozi ili mbwee. Koma ataona kuti misozi yanga si ya kuseka, anasiya.

"Iwe mwana iwe, ukulira chiyani? Ino ndi gadeni. Muno mulibe munthu, ngakhale mphaka."

"Nanga maina aja?"

"Ndi a mitengo."

"Mtengo umalembedwa dzina?"

Sindinawakhulupirire. Akuluakulu ankatinamiza kawirikawiri kuti titonthole, ndipo pa nkhani ya Yohane sindikanalola kutontholetsedwa. Iwo anaona zimenezo pankhope panga. Anazula kamtengo kouma kamene kanali pakamtumbirako n'kukaponya pambali.

"Mpatse mnzako mwanayo. Bwera upise wekha."

Ndinagona chafufumimba n'kulowetsa mkono m'dzenjemo. Ndinatulutsa ndowe za ng'ombe zowolerana, timizu, ndi nyongolotsi imodzi.

"Kumbaninso," ndinatero. "Maliro sakhala pamwamba."

"Iii, kapitawo wafika!" anatero a Makwinja, koma anatola khasu. Anakumba mpaka dothi lofewa linatha, khasu linayamba kudunda pa katondo wolimba. Ndinapisanso n'kukanda ndi zikhadabo. Mwana aliyense wokumba mbewa amadziwa kusiyana kwa dothi lokumbidwapo ndi dothi limene silinaonepo khasu. Limenelo linali lisanagwiridwepo chilengedwere. Ndinapuma mpweya wautali, ndipo ndinamva thukuta likuzizira pamsana pamene panali Yohane.

A Makwinja anazula kachitsulo ka pamenepo n'kukapukuta pa kabudula wawo.

"Ukuona? Uwu wafa, ndiye dzina lake ndikukasunga kushedi. Muno timalemba amoyo okhaokha. Mitengoyi ndi alendo. Inabwera ing'onoing'ono m'mabokosi, pa sitima ya pamadzi, kenaka ya pamtunda. Bwana amaibzala kuti aone ngati ilole dothi la kuno. Ina imalola, ina imakana. Ngakhale tiyi akuthyola amakoyo anayamba chomwechi."

"Zipatso zake mumadya?"

"Ayi."

"Nkhuni?"

"Ndikathyola nthambi imodzi, ntchito yatha."

"Nanga ndi ya chiyani?"

"Yoona."

Zimenezo zinandizunguza mutu kuposa manda aja. Munthu kulemba anthu ntchito, kuthira manyowa, kupaka miyala laimu, kuti azingoona! Komatu masana onsewo ife tinachita zomwezo. A Makwinja anatiyendetsa mtengo ndi mtengo, ine ndikufunsa, Rute akuwerenga maiko, mantha ake ataiwalika ngati sanali ake. Anationetsa duwa lomera pa nthambi popanda dothi, ndi mtengo umene khungwa lake amapangira mankhwala owawa a malungo. Ndinanyambita pang'ono, ndipo ndinalavula mpaka pachipata.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka, amayi atakhala pakhonde akusenda chinangwa, phewa lili lofiira ndi chingwe cha dengu. Ndinawafotokozera zonse monyadira, osasiyako kanthu: nsungwi, nsomba, mitumbira, tizitsulo, kugwada kwanga, ndi mkono wanga m'dzenje. Ndinkayembekeza kuti aseka monga anasekera a Makwinja.

Sanaseke. Mpeni unaima pamene ndinatchula mitumbira, ndipo sunayendenso. Anatenga mwana kumsana kwanga, anamugwira pa liwombo, anamutsegula maso. Kenaka anadzuka, anasolola timizu tina patsindwi, anatiponya m'phale la madzi.

"Amayi, si manda! Ndapisa ndekha. Mulibe munthu."

"Ndamva."

"A Makwinja anakumba mpaka pa katondo!"

"Ndamva, Elube. Vula nsaluyo."

Ndinakwiya kwabasi. Ndinali nditafunsa, nditakumbitsa munthu wamkulu, nditabwera ndi choonadi m'zikhadabo, koma ndinkasambitsidwa ngati wochokera kumaliro. Anayamba ndi Yohane, kenaka ine. Sanandimenye, sanandikalipire. Atamaliza anandifunditsa nsalu yawo, nandifunsa motsitsa mawu ngati kachitsamba kodzipinda kaja kamadzatambasukanso. Ndinati inde, ukakasiya kanthawi. Anagwedeza mutu n'kuyamba kuyamwitsa mwana.

Yohane sanadwale. Anakula, ndipo lero ali ndi imvi ndi zidzukulu, amadzitama kuti anafika ku India ndi ku Japani ali kumsana. Amayi mpaka imfa yawo sananene ngati chinamusunga ndi mizu ija kapena katondo uja, ndipo ine ndinasiya kuwafunsa.

Chidwi changa chinandipititsa kusukulu mochedwa, ndipo pambuyo pake ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri. Kufunsa ndi kupisa ndekha m'dzenje sindinasiye, poti kunandithandiza tsiku lija ndipo kwandithandiza moyo wonse. Koma chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti amayi anandikhulupirira. Ankadziwa kuti sindinaname. Kungoti mayi amene waika ana awiri m'manda, mawu oona amalowa m'khutu msanga koma amachedwa kufika m'manja, ndipo manjawo amafuna chochita.

N'chifukwa chake kuchipatala, mayi akabwera ndi mwana wotentha thupi, kachingwe ka mankhwala kali m'khosi, anzanga ena ankathamangira lumo n'kuyamba kukalipa. Ine ndinkamufotokozera mayiyo za malungo mpaka amve, ndinkamubaya mwanayo jekeseni, ndipo ndikamamubweza m'manja mwa mayi wake, kachingweko ndinkakasiya pomwepo.