Mapazi Anayi Pansi pa Bulangeti

Mphepo ya Ogasiti ikayamba kuulutsa fumbi mu Chawama, oyetsemula onse benze kuthamangira kwa ba Mainess. Vaka vija ku kiliniki mankhwala kunalibe, koma beve benze kuwiritsa masamba a bulugamu na mandimu, wodwala nkumufunditsa bulangeti kuti akoke nthunzi mpaka mphuno zitseguke.

Vuto inali bamuna bawo, ba Whyson. Chibachotsereni ntchito ku fakitale, nsanje inabalowa mu mutu.

Tsiku lina banabwera masana batakhuta kachasu, nkuona mapazi anayi pansi pa bulangeti, awiri akuluakulu ong'aluka.

"Iwe Mainess! Mwamuna mu nyumba yanga?"

Banatola mpini wa khasu, phwaa! Poto inagubuduka, madzi owira pa ntchafu za ba Mainess, khungu kusupuka pomwepo.

Bulangeti itagwa, imwe, ni bamai bake Mainess! Benze kuopa nthunzi, ndiye mwana wawo analowa nawo. Magazi chuchuchu pa khutu la bamai baja.

"Bapongozi," banatero bamai baja, "moni wanu taulandira."

Ba Mainess batatuluka mu chipatala banapita ku Misisi kwa bamai bawo. Ba Whyson banatuma ankhoswe katatu, ndipo katatu konse banabwezedwa pa khomo.